Pampu Yathu ndi Mndandanda wa Jacqueline

Lolemba, 7 Okutobala

A Nelia apongozi anga, lembani monga ndikunenera, musakonze. Ine Laisi wa ku Phalula sukulu ndinalekeza Sitandade 3, koma ana anga ndi awa. Wadson, mphunzitsi wamkulu ku Ngokwe. Monica, mzamba kwa Kawinga. Raymond, amuna anu, zaka khumi ndi ziwiri pa lole osagunda ngakhale mbuzi. Jacqueline, chitsirizira, amakonza makompyuta ku Blantyre.

Tsopano vuto. Pampu ya sola ya ku dimba la kalabu yathu yatha masiku asanu osatulutsa madzi. Kabokosi ka kompyuta kamene kamailamula kakuyaka bwinobwino, koma paipi ili gwaa. Abungwe amene anatiikira akuti abwera mwezi ukatha. Tomato wa mabanja makumi atatu wangoyamba kumene maluwa.

Pamsonkhano a Ambrose, wapampando, ati tidule mawaya, tilumikize pampu ku sola mwachindunji, ikapsa ipse. Ine ndaimirira: "Ndipatseni mpaka Lachisanu, mwana wanga akonza." Iwo: "Kamtsikana kaja kankalira mukakatuma kumjigo?" Anthu aseka. Ndakhala pansi, koma mawu ndapereka.

Lachiwiri, 8 Okutobala

Ndowa kuchokera kumjigo tsiku lonse. Masamba azyolika. Jacqueline akuti mawa.

Lachitatu, 9 Okutobala

Madzi! Lembani ndi zilembo zazikulu.

Jacqueline wafika pa minibasi ya m'mawa, walumikiza laputopu yake ku kabokosi. Galasi lakuda, timalemba toyera. Wandifotokozera motere: "Ababa, kuesiteti munkagwira ntchito kuja kapitawo ankaitana mayina m'mawa, eti? Kompyuta ikamadzuka imateronso. Imaitana tizigawo take, ife timati mamodyulo, kalikonse kantchito yake. Koyankhula ndi pampu sikakuitanidwa. Kabwera kena kofanana nako, kagwira chingwe, koma ntchito sikaidziwa."

Wachotsa kolanda malo kaja, waitana koyenerako ndi dzanja lake. Paipi yatsokomola, madzi thu! Amayi nthungululu.

Wafunsa ngati kabokosi kamazimitsidwa. A Ambrose: "Iyayi, kali ndi batire, sikagona." Ndiye wati mndandanda weniweni wa oitanidwa podzuka adzaukonza tsiku lina, chifukwa kuuyesa kumafuna kuzimitsa, ndipo mbewu zili ndi ludzu. Wabwerera kuntchito masana. Ine ndayenda pamsika wa pa M1 kawiri, popanda chogula.

Lachinayi, 10 Okutobala

Kwacha, paipi gwaa.

A Ambrose andipeza kudimba, pulayala ili m'thumba la malaya. "Achimwene, mankhwala a ku Blantyre aja ndi a tsiku limodzi?" Ine ndaimba foni ku Blantyre. Pafoni Jacqueline wangoti: "Ababa, alipo akuzimitsa." Ndafunsa komiti yonse, aliyense wakana.

Dzuwa litapendeka ndakakhala pansi pa mthethe pafupi ndi kanyumba ka pampu. Afika a Esau, mlonda wathu, aika njinga, alowa, khethe, kabokosi kazima! Ndawathamangira ndi mawondo angawa.

"A Esau, mukutani?"

"Ndikuchipumitsa, a Laisi. Tagwirani, chatentha ngati chiwaya cha chipisi. Ng'ombe yapangolo imene imamasulidwa madzulo."

Akuti anayamba sabata yatha kutentha kutakula, ndipo mbandakucha amayatsanso mwaulemu. Palibe anawafunsa, poti sali m'komiti. Ndinafuna kukalipa, koma munthu akusisita kabokosi ngati mwana wodwala, ungamutani?

Lachisanu, 11 Okutobala

A Nelia, tengani cholembera china ngati icho chikutha. Lero musadumphe kanthu.

Jacqueline wapempha tchuthi kuntchito, wafika dzuwa lili pamutu. Kalabu yonse ili pamenepo. Ena ayamba kale kunena kuti a Esau achotsedwe. Jacqueline wagwada pang'ono, nati: "Amalume a Esau sanalakwe. Wolakwa ndi ine. Ndinaitana wantchito ndi pakamwa, osamulemba m'kaundula. Makina abwino ayenera kudzuka okha, awazimitse ndani kaya ndani."

Walemba mizere iwiri yokha. Ndinaiwerenga ndi chala, iwiri. Wina ndi dzina la kagawo ka pampu pamndandanda wa oitanidwa podzuka. Wina ndi dzina la kolanda malo kaja pamndandanda wa oletsedwa. Kenaka watseka laputopu, wazula chingwe chake, wakaima patali manja kumbuyo.

"Ababa, zimitsani."

Ine? Ndagwira batani. Khethe. Madzi aleka.

"Yatsani."

Ndayatsa. Kanyali kayamba kuphethira, koma paipi duu. A Ambrose atulutsa pulayala ija, apita kukamwa kwa paipi, awerama kusuzumiramo. "Mwaona? Ndimanena ine kuti..."

Sanamalize. Madzi awamenya kumaso, chipewa uko, magalasi uko. Mayi wina wakuwa: "Apampando abatizidwa kachiwiri!" Ngakhale iwo eni aseka, akulavula madzi.

Jacqueline sanaseke. Wati tibwereze. Kachiwiri azimitsa a Esau, madzi abwera. Kachitatu a Ambrose eni ake, malaya ali onyowa, madzi abwera. Atembenuka, amugwira mwana wanga dzanja ndi manja awiri, nati: "Amayi, tinakulakwirani." Amayi! Pamaso pa anthu onse.

Iye wauza a Esau kuti kuzimitsa sikofunika, kutentha kumeneko ndi kwake, koma mtima ukawavuta azimitse, palibe chiwonongeke. Madzulo ano mizere yonse ya tomato yakuda ndi chinyezi.

Tsopano lembani ichi pachokha, mukatero mutumize pafoni kwa onse. Loweruka pa 26 Okutobala ana anga onse, akazi awo, amuna awo ndi zidzukulu, pakhomo pano. Mbuzi yamawanga ija igwa. A Esau adzakhala pampando wamanja. A Ambrose auzidwe kuti abwere ndi malaya awiri.