Andisiyira Nyumba ndi Ngongole Yake

Lolemba, 5 Ogasiti

Abweranso a ngongole. Mayi Veronica omwe aja, pa njinga yamoto. Andipeza kusikimu ndikuwokera mpunga, matope mpaka m'mawondo, Memory ali kumsana. Sanakuwe ayi. Andiitanira pambali pa ngalande n'kundiuza motsitsa mawu kuti papita miyezi itatu tisanapereke. Yatsala K910,000 pamodzi ndi chiwongoladzanja. Ndati bambo ake a Memory anachoka mu Meyi, ukwati ukutha. Ati pepani, koma pa fomu pali mayina awiri, Fanuelo ndi Rozi. Tsiku lomaliza ndi pa 30. Likadutsa atenga chikole.

Chikolecho ndi nyumba ndi kalata ya puloti ya mpunga yomwe ndimawokerayo.

Puloti ndi ya amayi. Anali chapafupi pomwepo, anangoweramuka n'kuyang'ana. Sadziwa kuti kalata yawo ili ku ofesi ku Zomba. Ndinaitenga ndekha mu sutikesi yawo chaka chomwe tinkamanga, mwamuna wanga F. atandiuza kuti ndi yongokaonetsa, ibwera sabata yomweyo. Zaka ziwiri tsopano. Pobwerera andifunsa kuti mayi aja amati chiyani. Ndati za katemera wa ana. Mulungu andikhululukire.

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Ndinaitanitsa Che Alli, amene amagula mpunga ndi zinthu zakale, kuti adzaone nyumba. Ndimati ndikagulitsa ndibweze zithe, ine ndibwerere m'kanyumba kaudzu kuseri kwa amayi.

Azungulira kawiri. Alowetsa chala mumng'alu uja unabwera ndi madzi a chaka chatha, chala chonse chalowa. Agogoda khoma, dothi likugwa. Ndiye aseka.

"Mwana wanga, malo ano ndi a amayi ako. Ndikagula ndidzakhala bwanji pakati pa abale ako? Mkamwini wopanda mkazi?"

Ati iwo angagule malata okha 28, zitseko zitatu ndi mafelemu a mawindo. K370,000. Njerwa ati zinamwa madzi, ngakhale ulere sangatenge.

Ndawerengera katatu pa foni. 910 kuchotsa 370. Yatsala 540. Ndiye kuti ngakhale ndisasule denga lonse, ndigone pabwalo ndi mwana, K540,000 ikadalipo. Nyumba yomweyi tinathirapo ndalama zoposa miliyoni. Zinapita kuti? Simenti, amisiri, madzi aja.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Foni ya F. sikupezeka. Akuti ali kunyanja, akugona m'timisasa ta asodzi pamadzi pomwepo. Kwatsala masiku 23.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Ankhoswe akumana lero pansi pa mtengo wa mango. F. wabwera ndi achimwene ake, atavala nsapato zatsopano. Mwana sanamunyamule.

Amalume anga a Davie anabwera atakonzeka kumenya nkhondo. Anayamba ndi mawu okweza. Ati kuno kwathu mkamwini akachoka amanyamula bulangete lake basi, lata ngakhale limodzi sakhudza, nyumba imatsalira mkazi ndi ana. Ankadikira kuti F. atsutse.

F. anangoti, "Ine sindikukana, amalume. Nyumba ndi yake, ndi zonse za nyumbayo. Lembani choncho."

Amalume anayang'ana anzawo, n'kulemba msangamsanga ngati akuopa kuti asintha maganizo. Ndinati, "Amalume, nanga ngongole?" Ati, "Khala chete iwe, tawina." Onse asayina. F. wajambula pepalalo ndi foni.

Chisudzulo ati Lachitatu likubwerali. F. adzaika ndalama m'mbale pamaso pa onse, ine ndidzatole, ukwati uthere pomwepo.

Atachoka, amalume andisisita pamutu. "Waona? Nkhoswe wina akanakusiya pamtetete." Akondwa ndithu. Iwo akudziwa kuti pali kangongole ka malata basi. Za kalata sadziwa. Ndinatsegula pakamwa, amayi anali pomwepo, ndinatseka.

Loweruka, 10 Ogasiti

Ndagula mayunitsi a K500 ndaimbira Mayi Veronica. Ati F. wawatumizira kale chithunzi chija dzulo lomwelo, ndi mawu akuti mwaona, zonse za nyumba ndi za Rozi, ine musandiimbirenso.

Ndiye chinali chimenecho. "Ndi zonse za nyumbayo."

Ndafunsa ngati ndi zoona. Ati ayi, pepala la kumudzi silifufuta dzina pa fomu, nonse awiri muli ndi ngongole yonse. Ndinapuma pang'ono. Koma anapitiriza.

"Mayi, ndikuuzeni zoona. Ife timagwira chimene tikuchiona. Bambowo ali pamadzi, lero ku chilumba cha Chisi, mawa kutsidya. Ndikawapeza kuti ndi njinga yanga? Puloti sithawa."

Ndati ndiye nditani. Ati njira ilipo imodzi. F. abwere iye mwini ku ofesi, tonse awiri, ndi chitupa chake, alembetse boti lake kukhala chikole m'malo mwa kalata ya amayi. Ine ndigulitse malata ndipereke, yotsalayo tigawane, azitilandira pang'onopang'ono. Ndati sangabwere. Ati ndiye sindidziwa. Mayunitsi anathera pomwepo.

Boti limenelo analigula ndi ndalama zotsala pa ngongole yomweyi. Ine ndakumbukira lero.

Lamulungu, 11 Ogasiti

Ndawauza amayi titaweruka kutchalitchi. Ankasenda nandolo pakhonde. Ndinagwada n'kunena zonse, sutikesi, kalata, pa 30.

Sanandikalipire. Bola akanandimenya. Anapitiriza kusenda. Kenako ati, "Puloti imeneyo ndinaipeza ndili ndi mimba ya iwe." Anaonjeza kuti, "Ang'ono ako atatu aja azidya chiyani?"

Ananyamula lichero kulowa m'nyumba, n'kutseka chitseko masana.

Lolemba, 12 Ogasiti

Kumjigo ndamva azimayi akunong'onezana, sanandione msanga. Akuti mtsikana wa F. ndi Maliyamu wa kudoko, ndipo ndi woyembekezera, mimba yayamba kuoneka. Kwawo akuti safuna mwamuna wa mwini pakhomo pawo, abwere atasudzula kaye, ankhoswe a mbali zonse achitire umboni. Wina ati, "N'chifukwa chake akuthamanga ngati wapsa." Atandiona anayamba za mtengo wa sopo.

Sindinalire. Ndasenza ndowa n'kubwerera kunyumba.

Ndiye kuti chisudzulo chija akuchifuna ndi iye. Kuposa ine.

Koma nanenso ndikuchifuna. Dzanja limene anandipotokola mu Epulo kukamazizira limawawabe. Ndikatola Lachitatu ndamasuka, iye alowa m'nyanja, puloti yapita. Ndikapanda kutola ndine mkazi wakebe, akhoza kulowa m'nyumba muno nthawi imene wafuna, palibe angamufunse. Ndipo mkazi amakana chisudzulo? Sindinaonepo. Anthu ati Rozi akukakamira mwamuna.

Amayi sakundilankhulabe. Atumiza mchere wokha.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Chisudzulo ndi mawa. Masiku 17.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Tsiku la chisudzulo.

Anthu anadzaza kuposa tsiku lija. Amayi anadzakhala pamphasa pafupi ndi ine, osandiyang'ana. Achimwene ake a F. analankhula zawo, ati zinthu zikakanika zakanika, tisiyane bwino. F. anatulutsa K5,000 yatsopano, n'kuika m'mbale, mbale n'kuikankhira kwa ine.

Ndinalowetsa manja pansi pa chitenje.

Amalume ati, "Tola, mwana iwe, anthu ali ndi zochita."

Ndati sinditola. Mawu anatuluka aang'ono, ndinabwereza.

F. anaseka kuti onse amve. "Ukundifunabe eti? Nena, usachite manyazi."

Ndati, "Sindikufunani ngakhale pang'ono, bambo a Memory. Ndikufuna kalata ya amayi. Tipite ku Zomba mukaike boti lanu, kalata ituluke. Tsiku lomwelo ndidzatola, ngakhale mutaika K50."

Amalume ati, kalata yanjinso? Anayankha ndi amayi. Ati, "Ya puloti yanga, achimwene. Nyumba imene mwamuwinira mwanayu ikudya munda wanga." Amalume anatulutsa pepala lawo lija m'thumba, analiwerenga milomo ikuyenda, kenako analipinda kanayi.

F. ati boti silikukhudzana ndi nkhani ya nyumba, zinalembedwa kale. Ati apita kukhoti. Amalume ati, "Pita, bambo. Kumeneko akakufunsa kuti botilo unagula ndi chiyani. Pano ine sindichitira umboni chisudzulo chimene mwana sanatole." Achimwene ake a F. anamukoka malaya, akunong'oneza. Ndinangomva dzina la Maliyamu.

Ndalama anatola okha achimwene akewo. Anachoka osatsanzika. Ali pamsewu F. anatembenuka n'kundiloza chala. "Uona iwe."

Amayi ati ndisagone m'nyumba mwanga, ndibweretse mphasa kwawo. Ndi mawu oyamba amene andilankhula chiyambire Lamulungu.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Palibe chachitika. Njinga iliyonse ikadutsa ndikudzidzimuka. Kumjigo sindinapite, ndatuma ang'ono anga. Mwina ndalakwitsa. Mwina F. angomutenga Maliyamu n'kuthawira naye kutsidya, ine n'kutsala ndi zonse, ukwati ndi ngongole yomwe. Masiku 15.

Lachisanu, 16 Ogasiti

Wabwera. Dzuwa litangotuluka. Waima pamsewu, pakhomo sanafike, achimwene ake ali kumbuyo kwake ngati akumulondera. Watulutsa chitupa m'thumba la malaya n'kuchikweza m'mwamba kuti ndione.

"Tiye. Koma thiransipoti ulipira wekha."

Sindikudziwa ngati akasayinedi akakafika. Akhoza kutsika panjira. Amalume apita kukavala jekete, ati akhala pakati pathu m'minibasi. Amayi amasula mfundo ya chitenje chawo, andipatsa K8,000, amutenga Memory m'manja mwanga. Ati ndisabwere chimanjamanja.

Akundiitana. Nsapato ina sindikuiona.