Mabango a Sitandade 2

Lolemba, 10 Febuluwale

Mvula kuyambira m'mawa. Denga likudonthabe pakona paja. Sabata ino tikuphunzira kuyeza kutalika kwa zinthu, koma rula ilipo imodzi, ya a hedi, ana ndiye thothotho mpaka pakhomo. Ndawatuma abwere ndi mabango mawa. Mawu andithera.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Mabango abwera. Tayeza bolodi, chitseko, zenera. Phokoso lake! Luke ndi Alexio anasandutsa awo mikondo, ndalanda. Kenako ndinati azigona pansi mmodzimmodzi, mnzake azimuyeza. Ana kuseka, kukondwa. Koma Thoko, kamtsikana kofatsa kokhala kutsogolo kaja, atangogona, Luke n'kuika bango m'mbali mwake, anakuwa ngati wapsa ndi moto. Wathawa, thumba lomwe kulisiya. Ndikanamuthamangira, enawa ndikanasiyira yani?

Lachitatu, 12 Febuluwale

Thoko sanabwere. Msana ukuwawa.

Lachinayi, 13 Febuluwale

Andiitanitsa ku ofesi. Ndapeza amayi ake a Thoko, a Mirriam, atakhala pansi, mpando aukana.

"Madamu, mwana wamoyo amamugoneka pansi n'kumuyeza ndi bango? Mukufuna mumukumbire manda?"

Bambo ake a Thoko, a Aroni, anamwalira pa holide ya Khirisimasi, ine ndili kwathu ku Madisi. Okumba manda atalowa ndi bango kudzayeza thupi, akuti mwanayo ankaonera pazenera. Za malirozo ndinamva. Ntchito ya bango pamaliro ndimaidziwanso, si ndinakulira kumudzi? Koma mutu unali pa sikimu ya maphunziro basi.

A hedi amafuna kunditchinjiriza. "Buku ndi limene limatero, mayi."

"Bukulo lilibe mwana," anatero a Mirriam. Ati Thoko kusukulu kuno sadzapondanso.

Lachisanu, 14 Febuluwale

Ana enanso angapo kulibe. Pamjigo ndamva ndi makutu anga: "Ndi omwewa oyeza ana a eni." Mabango onse ndaotcha kuseri kwa kalasi. Sindinadye.

Loweruka, 15 Febuluwale

Ndakwera phiri kupita kwa a Mirriam, matope mpaka m'akakolo. Ndawapeza m'chigafa akusoka fodya okhaokha, ntchito yoyenera anthu awiri. Ndinagwada n'kupepesa. Anangondikankhira mulu wa masamba. Ndasoka nawo mpaka dzuwa kupendeka, manja onse phula. Thoko amasuzumira kuseri kwa nkhokwe, ine ngati sindikumuona.

Pondiperekeza ndi pomwe anayankhula. "Tulo sakugona mwanayu. Akabwera Lolemba, musamugwire. Musamufunse kanthu."

Miyendo ngati si yanga.

Lamulungu, 16 Febuluwale

Kutchalitchi ndalephera. Ndagona tsiku lonse.

Lolemba, 17 Febuluwale

Wabwera, mochedwa, n'kukhala kumbuyo kwenikweni. Sindinamuyang'ane kawiri.

Ndinati lero oyezedwa ndine, choimirira, ndi zikhatho. Ndinatsamira khoma. Vuto linali loti palibe wofika pamutu panga kuti alembe chizindikiro. Alexio kudumpha, Luke kudumpha, makala kugwa, ine mutu waa.

Ndinangomva benchi ikukwekwesedwa kuchokera kumbuyo. Thoko. Anzake anamupatsa njira. Anakwera, natenga khala m'manja mwa Luke, n'kusanjika kadzanja kake kozizira pamutu panga. Kenako anaima, akuyang'ana pansi.

"Madamu, vulani nsapato. Mukubera."

Ndinavula.