Boti la Nkhope Ziwiri: Zokambirana za Komiti ya Damu

Tsiku: Lachitatu, 13 Ogasiti 2003
Malo: Kantini ya ogwira ntchito, kuseri kwa fakitale ya tiyi
Nthawi yoyamba: 4:20 madzulo

Amene analipo:
Bambo Jonas Makwinja, kapitawo wa othyola tiyi, Wapampando
Mayi Tinenenji Muhiwa, kalaliki wa pasikelo, Mlembi
Mayi Callista Namakhwa, namwino wa pakiliniki ya esiteti
Bambo Anderson Likoswe, makaniko wa kugalaja
Bambo Winston Nampuntha, wopalasa boti la padamu

Amene sanabwere:
Mayi Alesi Mulewa apita ku maliro ku Khwethemule, ndipo anapepesa. Bambo Sitefano Nakoma sanapepese, koma anaoneka akukwera minibasi ya ku Limbe atavala jekete.

1. Kutsegula msonkhano

Mayi Namakhwa anatsegula ndi pemphero. Litangotha, Mlembi anadziwitsa komiti kuti m'mawa mesenjala anabweretsa kalata yomata yochokera kwa a Manejala, ndipo anapempha kuti iwerengedwe poyamba. Wapampando anakana. Anati makalata ali pa mutu wachisanu, ndipo komiti yodumpha mitu si komiti ayi, ndi msika. Kalatayo inaikidwa pakati pa tebulo n'kupsinjidwa ndi kapu. Bambo Nampuntha sanachotsepo maso.

2. Zolembedwa za msonkhano wapitawo

Mlembi anakumbutsa komiti za lamulo la a Manejala. Boti la fayiba, lomwe Bambo Nampuntha amakwera pokachotsa ndere ndi zinyalala kukamwa kwa paipi ya pampu, latuwa. Ukalisisita, dzanja limatuluka ngati wagwira choko, ndipo mizere ya dzimbiri yatsika kuchokera m'mabawuti mpaka kunsi. A Manejala anati likapanda kuoneka ngati boti pofika pa 15 Ogasiti, lipita kukhola kukakhala chomwera ng'ombe. Zikatero Bambo Nampuntha abwerera kothyola tiyi, ndipo nyumba ya m'mbali mwa damu aibweza, popeza imayenda ndi ntchitoyo.

Mlembi anakumbutsanso kuti tsiku logwira ntchito linavuta. A Adiventi sangagwire Loweruka, enawo sangagwire Lamulungu. Choncho komiti inagawa boti pakati: gulu la Wapampando linatenga mbali ya kumanzere Loweruka, gulu la Mayi Namakhwa mbali ya kumanja Lamulungu, ndipo panali pangano lakuti wina asakhudze mbali ya mnzake. Zolembedwazo zinavomerezedwa, ngakhale panalibe amene anafuna kuvomereza kuti ganizo logawa boti linali lake.

3. Malipoti a magulu

3.1 Mayi Namakhwa anati gulu lawo linayamba ndi kutsuka mbali yawo ndi sopo. Pa mizere ya dzimbiri anafinyirapo mandimu, kuwazapo mchere, kusiya padzuwa kanthawi, kenako kutsukuluza, monga amachitira yunifolomu yoyera ikadetsedwa ndi waya woyanikira. Mizere ina inafuna maulendo anayi, koma yonse inachoka. Bambo Likoswe anawonjezera kuti khungu lotuwa la botilo analipala pang'onopang'ono ndi sandipepa wosalala kwambiri woviika m'madzi, kenako anapaka polishi wa galimoto mozungulirazungulira mpaka mikono kuchita dzanzi. Mabawuti ovunda anawasintha. Anati tsopano munthu angathe kumeta ndevu akudziyang'anira pambali imeneyo.

3.2 Wapampando anati gulu lawo silinafune mandimu, popeza boti si nsomba. Anakumbutsa komiti kuti asanakhale kapitawo anagwira zaka khumi ndi ziwiri m'nyumba ya a Manejala akale, ndipo khonde lomwe ankapukuta iwo linkawala mpaka alendo kuchita kugwira khoma podutsa. Choncho anabweretsa zitini zitatu za polishi wofiira wa pakhonde ndi burashi. Anafotokoza kuti dzimbiri ndi lofiira, polishinso ndi wofiira, ndiye ukapaka bwino palibe amene angalione dzimbirilo.

Bambo Likoswe anayankha kuti n'zoona palibe amene akuliona, chifukwa mbali yonseyo yasanduka dzimbiri. Anati khungu la boti likatuwa limamwa mtundu ngati buledi m'tiyi, ndipo kufiirako kwalowa m'kati. Wapampando anapempha kuti mawu amenewa asalembedwe. Bambo Likoswe anapempha kuti alembedwe. Mlembi walemba.

Wapampando anafunsa chifukwa chimene a Adiventi sananene kanthu ataona mbali yofiirayo Lamulungu. Mayi Namakhwa anati anaiona ndithu, anagwira pakamwa, koma pangano linali lakuti wina asakhudze mbali ya mnzake, ndipo iwo pangano saswa. Kenako mayiwo anafunsa ngati n'zoona kuti polishiyo anaterera mpaka munthu wina wolemekezeka anagwera m'damu ndi nsapato zomwe. Wapampando anati sanagwe ayi, anatsikira m'madzi kukayendera kunsi kwa boti. Mlembi analipo tsikulo, ndipo kuyenderako kunali ndi mfuu.

4. Lipoti la wopalasa boti

Bambo Nampuntha anaimirira chipewa chili m'manja. Anati khonde la a Manejala limayang'ana damu, ndipo boti likamapita kupampu, mbali yoyera ndi imene imaloza kukhondeko. Vuto ndi pobwerera: ukatembenuza boti, mbali yofiira ili poyera. Choncho kwa masiku khumi sanalitembenuze. Amapita chamtsogolo, n'kubwerera chafutambuyo, damu lonse lija.

Bambo Likoswe anaseka mpaka kutsamwa. Anati n'chifukwa chake othyola tiyi a m'munda wa kumtunda amasiya madengu n'kumawomba m'manja m'mawa uliwonse. Bambo Nampuntha anavomera kuti amawamva. Anati khosi lawo lauma, ndipo akazi awo akuwathowa ndi madzi otentha.

Wapampando anafunsa chifukwa chimene sananene msanga. Mlembi walemba yankho lawo monga analinenera: "A Tcheya, ndikananena chiyani? Inu munabwera kudzandithandiza, mpaka kugwera m'madzi chifukwa cha ine. Koma zaka makumi awiri ndi chimodzi ndili m'boti limeneli. Msana wangawu dengu la tiyi sungasenzenso. M'nyumba muja tilimo anthu asanu ndi mmodzi, ndipo kwathu ku Nsabwe ngakhale pomanga khitchini palibe. Ndiye ndinati bola khosi liwawe."

Kuseka kunatha. Wapampando anayang'ana zikhadabo zawo, zomwe zikadali zofiira. Mlembi saloledwa kulemba maganizo ake, koma anamva chisoni, ndipo anapsanso mtima kuti kalata ya moyo wa munthu ikugona pansi pa kapu chifukwa cha manambala a mitu.

5. Makalata

Wapampando anayamba kufunafuna magalasi m'matumba onse. Mayi Namakhwa anati: "Aa, a Makwinja, perekani kwa Mlembi, munthuyu angatifere pano, ine mankhwala ndasiya kukiliniki." Mlembi anatsegula kalata n'kuwerenga motere:

"Kwa Komiti ya Damu. Boti ndaliona. Mbali imene mukundionetsa ndi yokongola kwambiri, ndipo amene anaikonza adzandionetse mmene anachitira. Mbali imene mukundibisira ndimaionanso m'mawa uliwonse, popeza msewu wopita kufakitale umadutsa tsidya linalo la damu. Boti likhala, ndipo a Winston akhala pa ntchito yawo ndi m'nyumba yawo. Munthu wopalasa chafutambuyo masiku khumi osagunda paipi sindingamupeze kwina. Koma pakutha pa mwezi uno boti likhale la mtundu umodzi, ndipo mtunduwo usakhale wa khonde langa."

Bambo Nampuntha anakhala pansi n'kuphimba nkhope ndi chipewa. Komiti inawadikira, ndipo palibe amene anawafulumizitsa, ngakhale Wapampando. Atachotsa chipewa anafunsa ngati a Manejala akhala akuona zonsezi kuyambira tsiku loyamba. Mlembi anati kalata ikutero. Bambo Nampuntha anapukusa mutu pang'ono pokha, chifukwa cha khosi lija, n'kufunsa kuti: "Ndiye mawa ndikhoza kutembenuka?"

Wapampando anati nkhaniyo ivoteredwe. Onse anakweza manja. Wapampando anakweza awiri.

6. Zina ndi zina

6.1 Komiti inagwirizana kuti mbali yofiira ichotsedwe polishi ndi palafini, itsukidwe ndi sopo, kenako idutse njira yomwe ija ya mandimu, sandipepa ndi polishi wa galimoto. Bambo Likoswe anachenjeza kuti kupala kusapitirire, khungu lingathe n'kutsala ulusi wa fayiba.

6.2 Ntchitoyi igwiridwa Lachinayi ndi Lachisanu poweruka, magulu onse pamodzi. Mayi Namakhwa anati Lachisanu aweruka dzuwa lisanalowe, Sabata lisanayambe. Palibe amene anatsutsa. Boti silidzagawidwanso pakati.

6.3 Wapampando anafunsa motsitsa mawu kuti pafunika mandimu angati, chifukwa kuseri kwa nyumba yawo kuli mtengo wobereka kwambiri. Mayi Namakhwa anati abwere ndi dengu lodzaza, koma burashi aisiye kunyumba.

6.4 Bambo Nakoma afotokoze pa msonkhano wotsatira za jekete ndi ulendo wa ku Limbe.

7. Kutseka

Msonkhano wotsatira udzakhala Lachitatu, 27 Ogasiti 2003, pompano. Bambo Nampuntha anapempha kutseka ndi pemphero, koma mawu anawathera pakati, ndipo Wapampando ndi amene anamalizitsa. Msonkhano unatha 5:35 madzulo.

J. Makwinja, Wapampando

T. Muhiwa, Mlembi

Chidindo cha chala chofiira chomwe chili pambali pa siginecha ya Wapampando si cha Mlembi, ndipo pepalali silifinyiridwa mandimu.