Uthenga wa Lachisanu

Ndirande, Blantyre

Okondedwa achemwali a Magdalene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Karonga. Ife kuno tadzuka, kungoti ababa chifuwa chija sichikuwasiya. Musadabwe kulandira kalata ngati masiku akale. Ndakuimbirani katatu kuti ndikuuzeni nkhaniyi, koma mukangoyankha ndimayamba kufunsa za mpunga.

Mukukumbukira pa Khirisimasi paja, tikukambirana zoti shopu ya ababa ya mabokosi a maliro idziwike pa intaneti? Inu munati tipange webusayiti, kuti munthu zikamugwera atsegule, aone mabokosi, aimbe foni, atseke, basi. Ine ndinakusekani kuti maganizo anu ndi achikale. Ndinkafuna apu yokhala m'foni mwa munthu ngati za mabanki zija, anzanga a ku Limbe aone kuti nanenso ndine bwana. Mutangokwera basi ndinathamangira kwa Dalton, wopanga zimenezi, amene anali ndi kaofesi m'tauni.

Achemwali, ndani angafune kuyenda ndi mabokosi a maliro m'thumba? Funso limeneli silinandibwerere n'komwe. Ndinazungulira kutchalitchi ndi kumsika kuikira anthu apuyo. Ambiri ankabweza foni m'thumba msangamsanga ngati aona wakuba. Ochepa amene analola, analola chifukwa cha ulemu wa ababa.

Dalton anaikamo kanthu kamene ankati n'kamakono. Lachisanu lililonse apuyo imatumiza yokha uthenga woti, "Takusowani! Bwerani mudzasankhe." Anati masitolo onse amatero, ine n'kungovomera ndi mutu, uchitsiru wanga.

Uthengawo unawapeza a Pearson, akulu a mpingo aja, ali kuchipatala pambali pa bedi la akazi awo. Loweruka mayiwo anatisiya. Bokosi anakagula kwina, ndipo pamaliro foni ija inayenda m'manja mwa anthu. Pano mbiri ili ponseponse yoti tinakhwimira bizinesi, timaitana anthu pafoni. Akalipentala athu awiri asiya ntchito, akuti akazi awo akuopa. Zaka makumi atatu ababa akhala akuthamangira pa zovuta za anthu, ine dzina lawo ndaligwetsa m'miyezi isanu.

Ndinapita kukapepesa. A Pearson anandipatsa mpando, anati iwo za ufiti sakhulupirira, koma mawu aja sakuwachoka m'mutu. Ndinatsanzika n'kubwerera kunyumba.

Kuzimitsa uthengawo ndalephera. Dalton anapita ku Joni, nambala yake siikupezeka, m'kaofesi kaja muli saluni. Wina amene ndinamuonetsa anati popanda mawu achinsinsi a Dalton palibe chimene angachite. Onse aja anaichotsa apuyo m'mafoni mwawo. Watsala munthu mmodzi.

Ababa akukana kuichotsa. Akuti chinthu chimene mwana wawo anayambitsa sangachitaye ngati zinyalala, anthu anene zonena zawo. Kutchalitchi anasiya kupita. Amangokhala m'shopu, kupala thabwa limodzi lomwelo uku akutsokomola, ndipo ndikatchula zachipatala amasintha nkhani.

Lachisanu lapitali foni yawo inalira tili awiriwiri. Anavala magalasi, anawerenga pang'onopang'ono mpaka kumapeto. Kenaka anandiuza kuti ndiwatsitsire matabwa a mlombwa aja amene akhala akusunga kudenga chimwalirire amayi. Anati akufuna ayambe kukhoma bokosi lawo manja akadali ndi mphamvu.

Achemwali, ndili ndi mantha, ndipo nzeru zandithera. Ine sakundimvera, ndikangotsegula pakamwa amati zapita zimenezo. Inu amakumverani. Bwerani chonde, ngakhale masiku awiri okha, mudzawatengere kuchipatala, mudzawalande foniyo. Mudzandikalipire mmene mungafunire. Webusayiti yanu ija ndavomera, ngati patsala dzina loti tilembepo.

Matabwawo sindinatsitse. Ndawanamiza kuti makwerero anabwereka aneba, koma bodza limeneli silingafike Lachisanu lina.

Mundiperekere moni kwa alamu a Peterson, ndi kwa Tionge ndi mng'ono wake. Ambuye akusungeni, ndipo akutsegulireni njira msanga.

Ine mlongo wanu,
Melvin