Batani Linasamuka

Lachinayi, Malichi 2008, ku Lewisham. Kunja kwazizira, koma mtima wanga wafunda.

Ine Nabanda, wa zaka 74, amene kulemba ndinakuphunzira ndili kale ndi imvi, lero ndakonzetsa mawu owerengedwa dziko lonse.

Mwana wanga Tadala amalemba malangizo a pulogalamu ya pakompyuta, ija anthu amaipanga mothandizana n'kuigawa ulere. Dzulo anandipatsa pepala la kakulitsidwe ka zilembo, kuti makalata a kumudzi ndiziwerenga ndekha. Pepalalo likuti dinani batani la kumanzere. Ndafufuza m'mawa wonse, batanilo osaoneka. Ndinachita mantha kuti mutu wayamba kutha, ndipo ndinati ndimubisire.

Pochokera ku ntchito wandipeza nditaphimba kompyuta ndi chitenje.

"Amayi, kompyuta yamwalira?"

"Usandiseke iwe. Zandikanika, ndakalamba."

Wayang'anitsitsa, kenako wagwira pakamwa. "Si inu, amayi. Pulogalamuyi anaisintha mwezi watha, batani linapita pamwamba. Wolakwa ndine, sindinakonze malangizo."

Wakonza malangizowo pa intaneti ine ndikuona. Mawu akale sanawafufute, akuti alipo ena akadali ndi pulogalamu yakale. Wangolemba kuti awa ndi a yakale, awa ndi a yatsopano. Tiyi asanazizire, bambo wina wa ku Brazil walemba kuthokoza. Akuti nayenso anasochera pomwepo sabata yathunthu, koma ankachita manyazi kufunsa.

Ine ndi munthu wa kutsidya kwa nyanja, osadziwana, kusochera pa mphambano imodzi.

Tadala akuti pulogalamuyi ikadzasinthanso ndidzayambe ndine kuyesa, poti ndimawerenga liwu lililonse osalumpha. Ndavomera. Koma ndi magalasi okalambawa, kaya. Mawa ndimuuze kuti andigulire atsopano.