Ankaseka ku Edinburgh Ife Tikuika Ababa

Aphungu,

Ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Linthipe, woyamba kubadwa m'banja mwathu. Mng'ono wanga Tiyamike ali ku Scotland komwe akuphunzira za unamwino, ndipo mayeso ake omaliza ayamba sabata yamawa. Vuto langa ndi ili: ababa athu anamwalira, tinaika kale, koma Tiyamike sakudziwa.

Anagwa Lachinayi la sabata yatha ali kudimba akukumba mbatatesi. Pofika nawo kuchipatala anali atatisiya kale. Tisanayambe n'kulira komwe, amalume athu, a Alufeo, anatiitanira kuseri kwa nyumba tonse amene tili ndi nambala ya Tiyamike. Anati, "Mwana uja asamve kanthu mpaka alembe mayeso. Malemuwa ankati ngakhale nyumba ipse, Tiya asasokonezedwe. Kubwera sangabwere, ndiye akamva apindulanji? Angolira yekha pakati pa azungu." Amayi anangovomera ndi mutu. Inenso nthawi imeneyo ndinaona ngati n'zanzeru.

Koma Tiyamike Loweruka lililonse amaimba foni ya vidiyo kuti acheze ndi ababa, ndipo Loweruka ndi lomwe tinkaika maliro. Ndiye ine, mwa nzeru zanga zauphunzitsizi, ndinaimbira mnzake amene amakhala naye nyumba imodzi, Mmalawi mnzathu, dzina lake Susan. Ndinamuuza zoona zonse, n'kumupempha kuti amuchotse pakhomo, amupezere chomutangwanitsa. Susan analira, anakana, kenako analola. Anamema anzawo ena a m'kalasi, n'kumuuza Tiyamike kuti mutu ukufunika upitidwe mphepo mayeso asanayambe. Anakwera sitima Lachisanu masana kupita mumzinda wa Edinburgh, n'kukabwerako Lamulungu.

Chimene sindinaganizire ndi zithunzi. Aphungu, mwana uja ndi zithunzi sasiyana, ngakhale akudya chimanga chootcha amafuna dziko lidziwe. Nthawi imene ansembe ankadalitsa bokosi, iye ankaika pa sitetasi ya WhatsApp chithunzi chake atavala diresi lofiira, mano onse pamtunda, atakolekana mkono ndi mwamuna wina wovala siketi amene amaimba chitoliro mumsewu. China ali pakaphiri ka mumzindamo, atalemba kuti, "Akuti limeneli ndi phiri. Abwere adzaone la Dedza." China akudya ndi anzake, makapu ali m'mwamba.

Msuweni wathu wina anaonetsa mkazi wake zithunzizo, ndipo pochokera kumanda foni inali ikuyenda dzanja ndi dzanja pakati pa amayi a mphakati. Iwo sakudziwa kuti mwanayo sanauzidwe. Ndinamva ndi makutu angawa mayi wina akuti, "Sukulu imeneyi! Bambo ako ali m'bokosi, iwe uli m'manja mwa mwamuna wa siketi?" Wina anati, "Bola akanangovala chakuda." Ndinafuna kuyankha, koma amalume anandiyang'ana, ine n'kumeza mawu. Pano nkhani yafika mpaka ku Chimbiya. Akuti mwana wa a Bonifasio, uja bambo ake ankamutchula paliponse monyadira, anavina tsiku loika bambo akewo.

Lolemba Tiyamike anandiimbira ali wosangalala kwambiri. Ndinazimitsa vidiyo msangamsanga n'kunamizira netiweki, kuopa kuti angaone duku lakuda lomwe ndinavala ndi anthu odzapepesa omwe anali pakhonde. Anati, "Achemwali, ndawagulira ababa jekete laubweya, lolemera ngati bulangete. Juni uno asakanjenjemere ku Misa yam'mawa. Apatseni foni ndiwauze." Ndinati ali kudimba. Anati, "Nanga amayi?" Ndinati apita kuchigayo, chonsecho amayi anali pambali panga pamphasa, atatseka pakamwa ndi chitenje. Asanadule anafunsa kuti, "Pali nambala ina yandilembera kuti Mulungu andikhululukire. Ndani ameneyu? Ndalakwanji ine?" Ndinati ndi anthu ansanje, asawalabadire.

Dzulo Susan wandilembera kuti watopa. Akuti sakutha kudya pamodzi ndi Tiyamike, ndipo ndikapanda kumuuza ine pofika Lachisanu, amuuza yekha. Amalume akuti ndikangoyerekeza, mwanayo akalephera mayeso mlandu ndi wanga, ndipo ndidzakhala nditanyoza mawu a malemu. Zaka zonse zimene wavutika kunjaku zikhoza kulowa m'madzi chifukwa cha pakamwa panga. Koma ndikakhala chete dzina lake likungoonongekabe, komanso ndikuopa kuti tsiku limene adzadziwe kuti ulendo uja ndinakonza ndine, sadzandilankhulanso. Ababa sindinawalire n'komwe bwinobwino, nthawi yonse maso ali pafoni. Ndimamukonda mng'ono wanga, ndipo ndili ndi mantha. Ndimuuze, kapena ndipirire mpaka alembe?

M.Z., Linthipe

A M.Z.,

Pepani ndi imfa ya ababa. Kalata yanu ndaidumphitsa mzere chifukwa nkhaniyi siyodikira. Muuzeni. Musadikire Lachisanu la Susan, musadikire mayeso. Muuzeni lero.

Amalume anu si munthu woipa. Kubisira munthu maliro ali kutali ndi khalidwe lathu lakale, ndipo linkatheka nthawi imene uthenga unkayenda pa njinga. Pano chinsinsi chanu chili m'foni za mphakati wonse. Inu mukuganiza kuti mukusankha pakati pa kumuuza ndi kusamuuza, koma kumva amva ndithu. Chatsala n'chakuti amva kwa ndani. Nambala inalemba zoti Mulungu amukhululukire ija ikhoza kulembanso mawa, ndipo ulendo uno idzatchula chifukwa chake. Tangoganizani akuwerenga zimenezo ali pakhomo la chipinda cha mayeso.

Yambani ndi amayi. Mwamuna ndi wawo, mwana ndi wawo, koma m'kalata yanu yonse sanalankhulepo ngakhale liwu limodzi. Afunseni muli awiri, amalume palibe. Mayi amene akutseka pakamwa ndi chitenje pomva mawu a mwana wake, sindikukhulupirira kuti akufuna zimenezi zipitirire. Mukagwirizana, pitani nonse kwa amalume mwaulemu mukawadziwitse. Ndati kuwadziwitsa, sindinati kupempha chilolezo. Malemu ponena kuti Tiya asasokonezedwe ankanena za mavuto a pakhomo, nkhuku zafa, feteleza wasowa. Sankanena za maliro awo omwe.

Kenako panganani nthawi ndi Susan, masana, akhale naye pafupi m'nyumba. Ngati kumeneko kuli wansembe kapena mayi wachikulire amene amapemphera naye, akhaleponso. Imbani ya vidiyo, amayi ali pambali panu, aone nkhope zanu. Musazungulire ndi zoti ababa adwalika kwambiri, mwamunamiza kokwanira. Nenani kuti anamwalira, tchulani tsiku, nenani kuti munaika Loweruka. Adzakumbukira yekha kumene anali Lowerukalo, choncho musadikire kuti afunse. Muuzeni kuti ulendo uja munakonza ndinu, ndipo Susan munachita kumukakamiza. Mtsikana ameneyo mwamusenzetsa katundu wosakhala wake, musalole kuti adane ndi mnzake chifukwa cha inu.

Adzakwiya. Mwina adzakudulirani foni, mwina adzakunenani mawu amene mng'ono sanena kwa mkulu wake. Musadziteteze, musayambe zoti anati ndi amalume. Ingonenani kuti tinalakwa, n'kuimbanso mawa lake, n'kuimbanso mkuja. Mukatero nanunso mupeza mpata wolira, muli naye limodzi.

Za mayeso musamulamulire. Masukulu ambiri akunja ali ndi njira yothandizira wophunzira amene waferedwa, ena amalola kudzalemba nthawi ina. Susan amuperekeze ku ofesi yoona za ophunzira akafunse, inu mukonzeretu chikalata chotsimikizira imfa ngati angachifune. Kulemba kapena kudikira asankhe yekha. Ndi munthu wamkulu amene akuphunzira kusamalira odwala, musamuyese kamwana.

Latsala ndi dzina lake. Amene mwalidetsa ndi inu apabanja, ndiye otsuka ndinu nomwe. Pamsonkhano wa mphakati ukubwerawu amalume aimirire, anene poyera kuti mwanayo sankadziwa kanthu, ndi kuti kokayendako anachita kutumizidwa. Akakana, imirirani inuyo. Mumalankhula pamaso pa kalasi yodzaza tsiku lililonse, amayi a mphakati sangakukanikeni.

Chenjezo langa ndi ili. Musanene kuti ndiyambe ndalimba mtima, chifukwa mtimawo sulimba sabata ino. Mayeso munthu amatha kubwereza. Koma uthenga woti bambo ako amwalira umamveka kamodzi kokha, ndipo Tiyamike adzakumbukira moyo wake wonse mawu a munthu amene anamuuza. Akhale anu, achemwali ake.

Aphungu