Tsamba la Nsatsi

Zingwangwa, Blantyre
21 Julaye 2024

Okondedwa achemwali a Petronela,

Ndikhulupirira muli bwino ku Karongako pamodzi ndi alamu. Ife kuno tadzuka, ngakhale chiperoni chatigwira masiku atatu.

Mwezi wathunthu ndakhala ndikuyankha mafoni anu mwachidule. Simunandilakwire. Ndinali ndi nkhani imene pakamwa inkakana kutuluka, ndiye ndati bola ndilembe.

Mukukumbukira buku lachingelezi limene ndinalitola ku parishi akufuna kulitaya, lonena za zitsamba zimene ansembe a ku Ulaya ankadzala m'minda yawo zaka mazanamazana zapitazo? Chipumireni pa uphunzitsi ndakhala ndikusankhamo zomera zimene kuno zimapezekanso, monga adyo, mpiru ndi nsatsi, n'kumalemba m'Chinyanja ntchito zake ndi kuopsa kwake. Inu monga namwino munandiuza kuti ndisaonetse aliyense zolembazi mpaka munthu wa zamankhwala atayamba waziona. Ndinavomera, koma sindinamvere.

A Hamudi, atelala oyandikana nafe aja, anandipeza pakhonde ndikulemba. Anati, “Aphunzitsi, m'bukumo mulibe cha kudzimbidwa? Masiku anayi tsopano.”

Achemwali, ndinakomedwa. Munthu woyamba kufunsa za ntchito yanga! Ndinawapatsa tsamba limene ndinalembapo za nsatsi, loti akale ankamwa mafuta ake kuti m'mimba mumasuke. Chenjezo loti njere zake ndi poizoni ndinali ndisanalikopere, linali likadali m'kope. Iwo poona kuti mafuta alibe, anathyola nsatsi za kuseri kwa bafa n'kutafuna njere.

Madzulo ake akazi awo anafika akuthamanga, chitenje chili m'manja. “Bwerani mudzaone zimene pepala lanu lachita!” Ndinawapeza a Hamudi atagona pasimenti, akusanza, milomo itauma gwa. Tinawanyamula pa galimoto ya a Hawkins a pagolosale mpaka kuchipatala.

Adokotala atafunsa chimene adya, mayi aja anangondiyang'ana. Ndikanatha kukhala chete. Ndinatulutsa pepala lija m'thumba n'kunena kuti, “Ndalemba ndine.” Adokotala anawerenga, nati, “Mwachita bwino kubwera nalo, tadziwa pogwira.” Mawu ena amene anawonjezera sindiwalemba, koma anandiyenera.

A Hamudi anakhala pa diripi masiku asanu. Tsiku lililonse ndinkapita ndi phala, akazi awo n'kumalandira osandiyankha moni. Tsiku lachisanulo ndinawapeza a Hamudi atakhala tsonga, akukangana ndi wodwala mnzawo za mpira. Ndinangokhala pansi pomwepo n'kulira ngati mwana, ine bambo wa imvi.

Nditafika kunyumba ndinafuna kutentha zolemba zonse. Anandiletsa ndi a Hamudi omwewo atatuluka. Anati, “Mukatentha, wina adzatafunabe, nsatsi zili paliponse. Kalembeni bwino. Ndipo patsambalo muikepo dzina langa, anthu adziwe kuti wina analawa kale.” Akazi awo sanaseke nawo, koma dzana anatitumizira mandasi.

Tsopano ndikugwira ntchitoyi ndi a Chigomezgo, mayi wa kwaya yathu amene amagawa mankhwala kuchipatala. Achotsamo zitsamba zisanu ndi ziwiri. Pa chomera chilichonse chenjezo likumayamba, ntchito yake pambuyo, ndipo zonse zikumakhala patsamba limodzi.

Pempho langa ndi ili: ndikutumizirani zolembazi pa basi sabata ya mawa. Muziwerenge ndi cholembera chofiira, musandimvere chisoni. Mukafuna kundikalipira, imbani, ulendo uno sindidula msanga.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa Tithokoze, mumuuze kuti amalume ake anyadira mayeso aja. Mayi a kunyumba kuno akuti akusowani. A Hamudi nawonso akuti ndikupatseni moni. Panopa ndikuwamva akupalasa makina awo kuseri kwa mpandawu, ndipo chiganizo chimenechi ndachiwerenga katatu ndisanapitirize, poti ndinkaopa kuti makinawo sindidzawamvanso.

Ndine mlongo wanu,
Venansio